Kompyuta Yanga Anaipaka Penti ya Njinga

Sabata imeneyo ndinailemba yonse m'kope langa la zochitika za tsiku ndi tsiku. Masamba ake ndi obooka m'malo angapo chifukwa ndinkakanikiza bolopeni mopitirira muyezo. Papita chaka tsopano, koma ndikawatsegula masambawo mtima umayambanso kutentha.

Kompyutayo inabwera ndi amayi. Amayi amasesa ndi kuchapa kunyumba ya ansembe ku parishi kwathu, ndipo chaka chimene ndinali Fomu 2 anatumidwa kukonza kachipinda kosungiramo katundu, kamene kanakhala kotseka kuchokera pamene wansembe wina wokalamba, mzungu, anabwerera kwawo. Zambiri za m'menemo zinali zokaotcha. Amayi anaona katoni ina yolemera, yojambulidwa banja la azungu likumwetulira kutsogolo kwa tivi, n'kufunsa ngati nayonso ndi yapamoto. Anawauza kuti atenge ngati akuifuna, n'zakalekale, ana akaseweretse. Atafika nayo kunyumba anandipatsa ine, ati poti ndine wasukulu.

M'katonimo munali chinthu chokhala ngati taipilaita yopanda polowetsa pepala, chokhuthala, cholemera, chachikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Munalinso zingwe, kabokosi kolemera kolumikizira kumagetsi, ndi buku lachingerezi limene chiswe chinadya m'mphepete. Pachikuto cha bukulo panalembedwa kuti chinthucho ndi kompyuta ya pakhomo. Ine ndinali ndisanagwirepo kompyuta chibadwire.

Kwathu kulibe magetsi. Koma achimwene anga, amene ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi zinayi, ali ndi kashopu ku Nsaru, kuseri kwa msika. Amameta anthu, amatchaja mafoni, ndipo pakona ali ndi tivi yakale ija ya chimsana, yolumikizidwa ku gemu. Gemuyo ndi kabokosi kopepuka ka pulasitiki, kokhala ndi mapadi awiri oseweretsera ndi makaseti achikasu. Pakaseti iliyonse palembedwa kuti muli magemu masauzande, koma ukawayesa umapeza kuti ndi asanu ndi atatu omwewo, angowasintha mayina. Ana akaweruka kusukulu amadzaza pabenchi, aliyense kandalama kake m'manja, kudikira kuti mnzake afe.

Tsiku loyamba achimwene anandilumikizira okha, akuganiza kuti apeza gemu yachiwiri yaulere. Anasakasaka tchanelo mpaka galasi la tivi linasanduka labuluu, pamwamba mawu angapo, pansi pake kabokosi kakang'ono kakuthwanima. Tinadikira. Palibe chinadumpha, palibe chinawombera. Achimwene anadinadina mabatani, n'kunena kuti chinthuchi chinafa kalekale, n'chifukwa chake ansembe anachitaya. Ine ndinatsegula buku lija, ndipo patsamba lachitatu ndinapeza kuti kabokosi kothwanimako kakutanthauza kuti makinawo akudikira kuuzidwa chochita. Ndinalemba mzere umodzi monga bukulo linanenera, ndi chala chimodzi, ndikufunafuna chilembo chilichonse. Dzina la mudzi wathu linatuluka pa tivi. Ndinawonjezera mzere wachiwiri, ndipo dzinalo linadzaza galasi lonse, likuthamanga osaima. Sindinadziwe kuliimitsa. Ndinaseka mpaka munthu amene ankametedwa anatembenuka, achimwene n'kumulakwitsa mbali imodzi.

Tinapangana chonchi: Lolemba ndi Lachiwiri masana, pamene anthu amachepa, tivi izikhala yanga ola limodzi, ine ndizisesa tsitsi ndi kuchapa matawulo. Kompyutayo inkagona m'shopu momwemo, pansi pa tebulo la mafoni, m'katoni yake. Buku lokha ndilo ndinkayenda nalo m'chikwama.

Mkangano wa gemu ndi kompyuta unali wa sabata iliyonse. Achimwene ankati gemu yawo ndi chinthu chodziwa ntchito yake. Ulowetsa kaseti, uyatsa, kamunthu kayamba kudumpha, ndipo mwana wa Sitandade 2 amamvetsa popanda womuuza. Ikakana, utulutsa kaseti, uuzira mpweya, ubwezera, yagwira. Ikagwa pansi siimva. Kompyuta yanga ankaitchula kuti bwana, ati chifukwa imangokhala phee kudikira wina aigwirire ntchito, ndipo ine ankanditchula a Pulofesa. Ine ndinkawayankha kuti gemu yawo ili ngati bulu wa pangolo amene amadziwa njira imodzi yokha, ya kuchigayo. Kamunthu kaja kadzadumpha maenje omwewo mpaka tivi idzapse. Yanga ukhoza kuiphunzitsa chimene sinachionepo.

Sindinama, gemu ya akasinja ndinkaikonda, ndipo ndinkawapambana ana onse a pabenchipo. Pa zosangalatsa zokha, achimwene sankalakwa. Komanso kompyuta yanga inali ndi vuto limodzi lopweteka: ukaizimitsa, inkaiwala zonse. Bukulo linkanena za makina ena osungira zolembazo pa tepi, koma m'katoni munalibe. Choncho nthawi iliyonse ndinkayambira pachiyambi, kulembanso mizere yonse imene ndinalemba ulendo watha ndisanawonjezere watsopano. Theka la ola langa linkathera pamenepo. Magetsi akathima pakati, ndinkangoyang'ana denga.

Pofika mapeto a chaka ndinali ndi pulogalamu yangayanga, yosachokera m'buku. Inkafunsa m'Chichewa kuti munda wanu ndi wautali bwanji, ndi wotambalala bwanji, kenako n'kukuuzani kuchuluka kwa mapando a chimanga amene mungakumbe, potsata zimene tinaphunzira mu agirikalicha, zoti mizere italikirane masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25. Inali mizere khumi ndi inayi. Ndinaiganiza ndekha popita kumjigo ndi pobwera.

Titayamba Fomu 3 kunabwera nkhani ya kusankha maphunziro. Sukulu yathu ili ndi makompyuta asanu ndi imodzi, ndipo aphunzitsi a phunzirolo amatenga ana khumi ndi asanu ndi atatu basi, atatu pa kompyuta iliyonse. Amene watsala watsaliratu mpaka mayeso a Fomu 4. Lolemba lina analowa m'kalasi ndi pepala n'kufunsa amene anagwirapo kompyuta. Manja a anyamata anauluka. Mmodzi ndikumudziwa bwino, anangonyamulirapo msuweni wake laputopu kuchokera pasiteji ya minibasi. Analembedwa. Ine ndinakweza dzanja pepala litatsala pang'ono kudzaza, n'kunena kuti ndili ndi yanga. Aphunzitsi anafunsa kuti ndi yotani. Nditati ndi yolumikiza ku tivi, kalasi yonse inaseka, wina kumbuyo n'kukuwa kuti ndi gemu ya kometera ija. Aphunzitsiwo sanaseke. Anapinda pepala lawo.

"Ubwere nayo Lachisanu pa buleki. Ikakhala gemu, usadzandivutitsenso."

Ndinatuluka m'kalasimo ndikudziwa kuti phunzirolo ndalowa kale. Ndinalemba choncho m'kope madzulo ake, n'kulemba mzere kunsi kwake.

Lachiwiri nditafika kushopu ndinapeza achimwene ali ndi nkhope yachifundo imene sindinaizolowere. Anandigulira mandasi awiri. Kenako anayamba kufotokoza mozungulira. Ankafuna kugulitsa gemu yawo kuti agule ina yamakono, ndiye anaijambula pafoni n'kuika chithunzicho pa gulu lina la anthu ogulitsa zinthu. Pachithunzipo, kumbuyo, panaoneka ngodya ya katoni yanga. Bambo wina wa m'tauni anaimba foni tsiku lomwelo. Gemu sankaifuna. Ankafuna cha m'katonicho. Anapempha zithunzi zina, achimwene anatumiza, ndipo bamboyo anatchula ndalama imene achimwene anati anayamba afunsa kawiri kuti mwina sanamve bwino. Abwera Lachinayi.

"Yogulitsa ndi gemu yanu, achimwene. Iyi ndi yanga."

"Yako? Unaigula kuti, a Pulofesa?"

Ndinawafotokozera za Lachisanu. Ndinawapempha kuti bamboyo abwere Loweruka, ndikangowaonetsa aphunzitsi basi, kenako tikambirane. Anati munthu wa galimoto sumuuza tsiku lobwera. Nditawerama kuti nditenge katoni yanga ndipite nayo kunyumba, ndinapeza pansi pa tebulo palibe. Anali ataitsekera kale m'kabati ya mafoni, kiyi ali m'thumba.

Amayi ndinawapeza akupeta chimanga. Ndinkayembekeza kuti aimirira nthawi yomweyo, chifukwa anandipatsa ndi manja awo, pamaso pa achimwene omwewo. Sanasiye n'kupeta komwe. Anati chinthu chikalowa m'nyumba chimakhala cha nyumba. Anati mvula yayandikira ndipo feteleza kulibe, abambo kuesiteti kumene amagwira ntchito sanatumize kanthu, ndipo za makina amazidziwa ndi achimwene. Ndinafunsa kuti amazidziwa bwanji pamene iwo ndi amene anati inafa. Amayi anandiyang'ana n'kundiuza kuti sukulu isandiphunzitse mwano. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira, koma sikunali kulira kwachisoni. Ndinkafuna kuswa chinachake.

Lachitatu ndinadutsiranso kushopu. Kabati inali yotsegula, yopanda katoni. Achimwene anati bwana wapita kukasamba. Ndinaganiza kuti akungondinyoza, aibisa kwa mnzawo.

Ndikanayenera kumva chimene ankatanthauza, chifukwa ndinakulira pomwepo. Ku Nsaru palibe chinthu chakale chimene chimagulitsidwa mmene chilili. Njinga amaikwecha ndi sandipepa n'kuipaka penti yakuda, ndi timizere tofiira m'mbali. Wailesi amaipukuta ndi mafuta ophikira kuti iwale. Nsapato za kaunjika amazidyetsa polishi mpaka zibise ming'alu. Ngakhale mbuzi amayamba aimwetsa madzi kuti mimba ioneke. Sikuti ndi kuba ayi, kwa ife ndi ulemu kwa wogula: sungamupatse munthu chinthu chauve. Pali mdala wina pafupi ndi okonza njinga amene ntchito yake ndi imeneyo, kupenta njinga ndi kulemba zikwangwani za magolosale. Ndinamudutsa Lachitatu lomwelo, ndinamupatsa moni. Kompyuta yanga inali kuseri kwa shedi yake, ikuuma padzuwa.

Lachinayi ndinathawa sukulu pa buleki, koyamba chiyambire Sitandade 1. Ndinalibe nzeru ina iliyonse. Ndinkangofuna kumuona bamboyo ndi kumuuza m'maso kuti akugula chinthu cha mwini.

Anafika chakumasana pa kagalimoto kofiira ndi fumbi. Anali bambo wa magalasi, wa imvi pang'ono, wolankhula Chichewa cha m'tauni chosakaniza. Anapereka moni mwaulemu kwa aliyense, ngakhale kwa ine ndi yunifolomu yanga. Achimwene anali atavala malaya a ku tchalitchi. Anamukhazika pampando wometera, anapukuta tebulo, kenako anatulutsa katoni yatsopano ya sopo n'kuitsegula pang'onopang'ono ngati akuvundukula keke ya ukwati.

Fungo linayamba kutuluka chinthucho chisanaoneke.

Inali yasiliva yonse, pamwamba, m'mbali, mabatani omwe, ikunyezimira ngati lata latsopano. M'mphepete monse munazungulira kamzere kofiira kowongoka bwino, kofanana ndi ka pa madigadi a njinga. Kachikwangwani ka dzina lake kanali katakwechedwa. Mdala uja atamaliza kupaka anazindikira kuti wakwirira zilembo za pa mabatani asanazikopere, ndiye anazilembanso yekha ndi kaburashi, mwaluso ndithu, kuyambira A, B, C, kutsata mzere mpaka Z, monga amaphunzitsira ku Sitandade 1. Mabatani otsala anawajambula timaluwa.

Sindinakuwe. Ndinangogwira chitseko.

Bambo uja anayang'ana nthawi yaitali. Anatulutsa foni, anayang'ana chithunzi, anayang'ananso patebulo. Anafunsa ngati ndi yomweyi. Achimwene anavomera monyadira, n'kuwonjezera kuti pentiyo ndi yamphamvu, ya njinga, singachoke ngakhale pamvula, ndipo mtengo sakweza, ndi mphatso chabe. Bamboyo anafunsa za katoni yojambulidwa ija. Achimwene anati inali yodyedwa ndi chiswe, sakanamupatsa bwana ngati iyeyo zinyalala, anaiotcha dzulo pamodzi ndi tsitsi. Bamboyo anavula magalasi n'kugwira pamphuno.

"Achimwene, chikasu chija mwachotsachi ndicho ndinayendera ulendo wonsewu," anatero bamboyo.

Kenako anafotokoza, modekha, ngati munthu wolankhula pamaliro. Anati iye ndi anzake, ena a kunja, amasonkhanitsa makina akale ngati amenewa. Chimene amafuna ndi chinthu chimene sichinakhudzidwe: mtundu wake womwewo ngakhale utasuluka, dzina lake, nambala yake ya pansi, katoni yake ngakhale itang'ambika. Katoni yokhayo, anati, ena amaifuna kuposa makinawo. Chopakidwa penti palibe angachiyang'ane kawiri.

Achimwene anachita chibwibwi. Anati penti ikhoza kuchoka. Bamboyo anawakumbutsa kuti angonena kumene kuti singachoke. Pamenepo achimwene anazula gemu yawo pa tivi, zingwe zili lendelende, n'kumupatsa, ati nayonso ndi yakale, ndipo iyi sinapakidwe chilichonse. Bamboyo anainyamula ndi dzanja limodzi, anaitembenuza, anaigogoda ndi chala. Anati iyi ndi yongotengera, amazipanga zambirimbiri mpaka lero, m'katimo muli mphepo yokhayokha. Kwa wosewera ndi yabwino, mwina yoposa kompyutayo, chifukwa sichedwa kuyaka ndipo ikafa sumalira. Kwa wosonkhanitsa si kanthu. Anawalangiza kuti aisunge, ana azisangalala.

Kwa kamphindi ndinamva kukoma, sindibisa. Chaka chonse ndinkauzidwa kuti ndikusunga chitsulo chakufa. Koma kukomako sikunakhalitse, chifukwa ndinazindikira chinthu china. Bamboyo anayang'ana pamwamba, pansi, m'mbali, anadandaula za katoni, koma sanayang'ane n'komwe kumene kuli soketi. Ndinamufunsa ngati sayatsa kuti aone ngati ikugwirabe ntchito.

Anandiyang'ana ngati wangondiona kumene. Anati zimenezo sizofunika kwenikweni. Zake zambiri sayatsa, amaopa kuti zingapse. Zili pa mashelefu m'chipinda chapadera, zokutidwa kuti zisalowe fumbi.

Ndiye kuti akanaitenga ili bwinobwino, n'kukaikhazika pashelefu ngati mbale za alendo za amayi, zimene sitinadyerepo chibadwire. Ine ndikanataya malo anga m'kalasi kuti iye azilowa m'chipinda Lamulungu masana n'kumaiyang'ana. Achimwene ankaiona ngati njinga yogulitsa, bamboyo ankaiona ngati chithunzi chapakhoma, ndipo onse awiri ankakambirana za iyo pamaso panga ngati ine ndine tawulo. Palibe anafunsa amene amaigwiritsa ntchito. Zala zanga zinali zitasiya chizindikiro pa mabatani amenewo, asanawakweche.

Podzuka anaona buku lija likusuzumira m'chikwama changa. Maso ake anawala. Anapempha kuti alione, ndipo ndinamupatsa chifukwa ndinaleredwa choncho. Analitsegula mosamala kuposa mmene anagwirira dzanja langa popereka moni. Anati ili lokha akhoza kugula, kuti ulendo wake usapite pachabe. Achimwene anavomera msangamsanga ndisanatsegule pakamwa. Ndinatambasula manja onse awiri n'kuligwira.

"Pepani bambo, bukuli ndikuwerenga."

Anayesa kunena kuti angandijambulire masamba onse pa makina, ndikhale ndi latsopano loyera. Ndinalikoka pang'onopang'ono mpaka analisiya. Anaseka pang'ono, anadandaula za mafuta a galimoto, n'kunyamuka.

Fumbi lake lisanathe, achimwene anali atayamba kale kupeza olakwa. Woyamba anali mdala wopenta, ati iwo anangomuuza kuti aiyeretse. Wachiwiri anali bamboyo, wakuba wa m'tauni amene ankangofuna chifukwa chotsitsira mtengo. Achitatu anali azungu, anthu okonda zauve. Iwo eni sanapezeke pamndandandawo. Mawu oti pepa sanatuluke. Anangokankha katoni ya sopo ndi phazi n'kunena kuti nditenge bwana wanga, akudzaza malo.

Ndinafika nayo kunyumba dzuwa likadali pamwamba. Ndinayala thumba pansi pa mtengo wa mango, ndinatenga palafini wa mu nyali, lezala ndi nthenga ya nkhuku. Penti inali isanaumitsitse, ndiye inkachoka monyinyirika, ikumata zala. Theka la mabatani linali litamatirira, ukadina osabwerera. Ndinkalowetsa nthenga yonyowa m'mbali mwa batani lililonse, kuligwedeza, kupala ndi lezala, kuligwedezanso, ndikuopa kuti dontho limodzi likalowa m'kati zonse zatha. Amayi anadutsa kawiri. Kachitatu anaponya pafupi nane chidutswa cha chitenje chawo chakale n'kupitirira. Sindinathokoze.

Zilembo za mdala uja zinachoka mosavuta. Ndinkayembekeza kuti pansi pake ndipeza zenizeni. Munalibe. Sandipepa anali atadya zonse, mabatani anatsala osalala ngati nyemba zonyika. Ndinayesa kulembapo ndi bolopeni, koma inki sinkagwira pa palafini. Dzuwa likulowa ndinali ndi chinthu chamawangamawanga, pena siliva, pena chikasu, pena zokanda, chopanda chilembo n'chimodzi chomwe, ndipo sindinkadziwa ngati chikuyakabe. Kuti ndidziwe ndikanayenera kubwerera kushopu kukapempha tivi. Ndinasankha kusadziwa.

Lachisanu ndinaikulunga m'chitenje n'kuisenza pamutu. Pa buleki ndinagogoda ku sitafu. Munali aphunzitsi asanu akumwa tiyi, ndipo nditangomasula chitenje mmodzi anafunsa ngati ndabweretsa chitofu, chifukwa chipinda chonse chinadzaza palafini. Aphunzitsi a kompyuta anaiyang'ana mmene munthu amayang'anira galu wogundidwa ndi galimoto. Anafunsa ngati ndikutsimikiza kuti ndikufuna kupitiriza. Ndinati inde. Pakona panali tivi yakale imene amaonera mpira. Ndinalumikiza zingwe n'kuyamba kusaka tchanelo. Pa tivi panali mchenga wokhawokha. Ndinasakabe. Wina anayamba kutsokomola chifukwa cha fungo.

Kenako buluu uja anabwera, ndi kabokosi kake kothwanima.

Ndinakhala pansi, ndinayang'ana mabatani opanda kanthu aja, mutu unayera. Sindinkakumbuka kuti chilembo chilichonse chili pati. Ndikanafunsidwa kuti ndijambule papepala ndikanalephera. Ndinaika manja pamenepo chifukwa ndinalibe kwina kowaika, ndinayang'ana pa tivi, ndipo zala zinayamba zokha. Mzere woyamba unatuluka wopanda cholakwa. Wachiwirinso. Ndinazindikira kuti ndikangoyang'ana pansi ndimasokonezeka, ndiye sindinayang'anenso. M'chipindamo makapu anasiya kulira.

Pa mzere wachisanu ndi chiwiri ndinakakamira. Batani la 7 linkatsika, linkabwerera, koma pa tivi sipankatuluka kanthu. Ndinadina kachiwiri, kachitatu, mwamphamvu. Linali litafa. Mizere ya pulogalamu imakhala ndi manambala, 10, 20, 30, ndiye wa 70 ndinangoupatsa 69. Koma patsogolo panali masentimita 75 aja, ndipo popanda iwo pulogalamu yonse inali yopanda ntchito. Ndinaganiza za achimwene ndi malaya awo a ku tchalitchi, ndipo ukali unandithandiza kuposa pemphero. Ndinalemba 50+25.

Kumbuyo kwanga wina anaseka, koma sikunali kuseka kwa m'kalasi kuja.

Nditailamula kuti iyambe, inafunsa m'Chichewa kutalika kwa munda. Aphunzitsi a agirikalicha anasendera pafupi n'kutchula miyeso ya dimba la sukulu. Yankho linatuluka. Anatenga foni yawo, anawerengera, anayang'ana pa tivi, anawerengeranso, n'kunena kuti ndi momwemo. Aphunzitsi a kompyuta anafunsa amene anandiphunzitsa. Ndinawaonetsa buku. Analitembenuza, anawerenga tsamba limodzi, n'kunena kuti zimenezi iwo anangozimva ku koleji, sanazionepo zikuyenda. Anati makompyuta a sukulu ndi osiyana kwambiri, ndikayambira pansi ngati wina aliyense. Ndinati palibe vuto. Anati malo anadzaza kale. Ndinangokhala pomwepo osazimitsa.

Anatulutsa pepala lija m'thumba la malaya, analiwongola pabondo, n'kulemba dzina langa pansi penipeni, pamene panalibe ngakhale mzere. Wa nambala 19. Ndidzakhala wachinayi pa kompyuta ya pakona, pamodzi ndi anyamata atatu. Kenako anafunsa kuti anaipanga chonchi ndani. Ndinayamba kukulunga zingwe.

Poweruka njira yanga imadutsa kuseri kwa msika, palibe ina. Achimwene anali akumeta bambo wina, pabenchi pali anthu atatu odikira, gemu ikulira pakona. Anandiona ndi katundu pamutu.

"A Pulofesa, zayenda?"

"Andilemba."

Anazimitsa makina ometera n'kutembenukira kwa anthu a pabenchi, akumwetulira ndi mano onse.

"Mwamva? Akanapita nayo yauve ija akanamulemba ndani? Penti ija yagwira ntchito, eti."

Anthuwo anaseka. Mwina ankafuna kuti nanenso ndiseke, nkhani ithere pomwepo, monga zimathera nkhani zonse kwathu. Ndinaima pakhomopo. Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo pamaso pa alendo.

"Achimwene, musadzagwirenso chinthu changa."

Sindinakweze mawu. Bambo wometedwa uja anayang'ana pansi, mutu uli theka. Ndinakonza chitenje pamutu n'kupitiriza ulendo wa kunyumba.